Onse Ankadziwa, Kupatula Ine

Okondedwa achemwali,

Kodi lamulo loti munthu amene ali pa ulendo asauzidwe zovuta za kunyumba analiika ndani? Ndafunsa aliyense kuno. Onse akungoti ndi mmene zimakhalira, wa pa ulendo amafunika kukhala ndi mtima umodzi. Palibe amene wandiuza kuti mtima umodziwo ukadzasweka pambuyo pake, zidutswa zake adzatola ndani.

Pepani, ndayamba ndi funso ngati wapolisi, moni osapereka. Muli bwanji achemwali? Amayi ali bwanji, akudya? Miyendo ija yasiya kutupa? Nanga alamu ndi ana? Ine kuthupi ndili bwino. Kwinaku musafunse.

Ndadziwa, achemwali. Ndadziwa kuti Bambo anatisiya ndipo munawaika kale. Ndadziwanso kuti ndinu munapempha kuti ndisauzidwe mpaka ulendo wa mishoni uno utatha. Foni andibwezera, dzina lanu ndikuliona, koma chala chikukana. Ndikaimba ndikalipa, inu mulira, ndipo sitimvana. Ndiye ndalemba pamanja, ndijambula masambawa n'kukutumizirani. Muwerenge mpaka kumapeto musanandiyankhe.

Chifukwa chake sindikufunsa, ndikuchidziwa. Ndi ntchito ija. Munandiona mmene ndinkakhalira pakhomo chimalizireni sukulu, digiri ya zomangamanga ili m'sutikesi kunsi kwa bedi, ine ndikungosuntha mpando kutsata mthunzi. Munandiona ndikupita ku maintaviyu nditavala siketi yanu, n'kubwerako ndili ndwii. Ndiye bungwe la mishoni litanena kuti mwa achinyamata amene amalize ulendo uno lidzasankha mmodzi woyang'anira ntchito zake zomanga, nyumba yonse inaika mtima pamenepo. Mfundo yawo inali yosabisa: wochoka pakati pa ulendo, kaya pa chifukwa chanji, dzina lake lichotsedwa. Munkaidziwa mfundoyi. Ndine ndinakuwerengerani, monyada.

Tsiku lonyamuka, Bambo anathawa kaye kuntchito kudzanditsanzika, penti ili kukhutu. Ankatsokomola, ati ndi fumbi la sandipepa basi. Anandiuza kuti kuthamanga sikufika, ndipo ndisakawalamule azimishoni ngati mmene ndimalamulira m'nyumba mwa Amayi. Tinaseka. Ndinkayang'ana basi yathu, osati iwo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndidzawapeza.

Lekani ndikuuzeni mmene zinayendera kuno, kuti mudziwe chimene kukhala chete kwanu kunandichita.

Titangofika, atsogoleri athu anayendetsa thumba kuti aliyense aponyemo foni ndi pasipoti. Amati n'kusala foni, monga ena amasalira chakudya, kuti maso athu akhale pa utumiki. Zikagwa zadzidzidzi, achibale aimbire iwowo. Atsogoleriwa ndi munthu wabwino, wofatsa, koma mawu awo onse amathera pa ndondomeko. Kudzuka ndondomeko, kudya ndondomeko, kuseka komwe ndondomeko. Tinangowatcha a Ndondomeko, ndipo atamva anati dzinalo nalo aliika pa ndondomeko.

Ntchito yathu inali kupaka penti zipinda zophunziriramo ana kuseri kwa tchalitchi. M'mawa bulashi, masana kuyendera odwala m'makomo pamodzi ndi womasulira, chifukwa chinenero cha kuno sitichimva.

Nditangogwira khoma la chipinda choyamba, dzanja linandiuza kuti ndi lonyowa. Mwana wa penta sanganamizidwe ndi khoma. Ndinapala ndi chikhadabo, penti n'kusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Pansi pa yoyera panali yobiriwira, pansi pake yachikasu, pansi pakenso yabuluu. Womasulira anandilozera mitunduyo akuseka, ati iyi anapaka alendo a chaka chatha, iyi a chaka chinacho, yabuluuyo inapakidwa iye asanakwatire. Madzi amachokera pa ngalande ya padenga imene inathyoka kalekale. Mvula ikagwa amangotsetsereka m'khomamo.

Pakamwa panga mukupadziwa. Pa msonkhano wa madzulo ndinaimirira n'kunena kuti tikupaka penti pa chilonda. Ndinati tisiye mabulashi, tikonze denga, ndipo tilembe amisiri a konkuno amene amakhala pageti tsiku lonse kuonerera ife, anamwino ndi aphunzitsi, tikudontheza penti pa nsapato. A Ndondomeko anandiyankha modekha kuti mlendo ndi mame, sitinabwere kudzasintha dziko, tinabwera kudzatumikira. Ndinati mame omwewo ndi amene akuwoletsa khomali. Ena anaseka. Ambiri sanaseke.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munga. Ankanditcha Bwana Injiniya. Ndikafika patebulo nkhani inkasintha. Mnzanga wogona naye chipinda, namwino wosabisa mawu, anandiuza kuti ndikapitiriza choncho ntchito ija ndidzangoimvera pa wailesi. Ndinamuyankha kuti bola kuimvera pa wailesi kusiyana n'kuipeza ndi bodza. Koma mumtima ndinkaopa, achemwali. Ndinkaona mpando uja wa pamthunzi ukundidikira.

Kenako zinthu zinatembenuka mwadzidzidzi.

M'mawa wina namwino uja anandilanda ndowa ya penti, ati ndi yolemera. Mnyamata woimba gitala, amene ankandinena kuposa onse, anandisungira mpando. Pa mapemphero anandiika pakati, onse n'kundisanjika manja pamutu ndi m'mapewa, ena akulira mpaka mamina. Ankapempha kuti Ambuye andilimbitse pa zimene zili patsogolo panga. A Ndondomeko anandiitanira pambali n'kunena kuti za denga zija aziganizira, nditenge makwerero, ndichite zimene ndikuona kuti n'zoyenera. Polankhula maso anali pansi.

Mukudziwa chimene ndinaganiza, achemwali? Ndinaganiza kuti ndapambana. Ndinati Mzimu wawatsegula maso, aona kuti mtsogoleri ali pakati pawo, ndipo zili patsogolo pangazo ndi ntchito ija. Ndinaitana amisiri aja pageti, tinamvana ndi manja, n'kuyamba kugwetsa ngalande yowolayo. Ndinkakwera makwerero ndikuimba. Ndinkaseka mokweza, ndinkapempha mbale yachiwiri, anzanga akungondiyang'ana ali duu. Ine ndinkati ndi nsanje imene yasanduka ulemu. Chimalizireni sukulu ndinali ndisanasangalalepo chotero.

Tsopano ndayang'ana m'mbuyo. Masiku amene ndinkaimba pa makwerero ndi omwe inu munkaika Bambo.

Ndinasenda kachidutswa ka penti, kooneka mitundu yonse ija m'mbali ngati keke, n'kukakulunga m'pepala kuti ndikawaonetse Bambo. Ndinkawamva kale akuseka, chipewa chili kunkhongo, akuti amene anapaka apa alandidwe bulashi apatsidwe tsache. Ndinakonza ndi mmene ndidzawauzire za ntchito. Osati pofika pomwe, ayi, koma atakhala pa mpando wawo, tiyi ali m'manja, kuti ndione ngati angamutaye.

Masana ena tinalowa m'nyumba ya bambo wina wodwala kwambiri. Mwana wake wamkazi anakhala kumutu kwa bedi akumukupiza ndi katoni. Inali nthawi yanga yolankhula. Ndinamuuza mtsikanayo, kudzera mwa womasulira, kuti alimbe mtima, imfa si mathero, ndi mawu ena osalala amene munthu amanena asanalawe. Namwino anatuluka chothamanga atagwira pakamwa. Pobwerera ndinamuseka kuti namwino wanji woopa odwala. Anangondigwira dzanja mpaka kufika.

Lamlungu anandipatsa ana a Sande sukulu kuti ndikawaphunzitse panja, pansi pa shedi. Sinali nthawi yanga, koma ndinati ndi ulemu winanso. Zimene zinkachitika m'kati ndinazimva pambuyo pake. Pamene ine ndinkadumphadumpha ndi ana kuyerekeza nyama za m'chingalawa cha Nowa, a Ndondomeko ankauza mpingo wonse za maliro athu. Anthu a Mulungu sangasunge chisoni osachipempherera, ndipo sangachipempherere osauza anzawo. Pomaliza anapempha kuti wina aliyense asandiuze. Koma pofika mawu omalizawo, mayi amene amatiphikira anali atatuluka kale kukaona miphika.

Mayiwa ndi a msinkhu wa Amayi, ojintcha, a mpata m'mano. Tinali tisanalankhulanepo mawu omveka. Ubale wathu unali wa pa mphika, ine kuloza, iwo kuwonjezera.

Mawa lake ndili pakhoma ndi sandipepa, anabwera atamugwira dzanja womasulira, akumukoka ngati mwana wokana kusamba. Anandilanda sandipepayo n'kuyamba kundipukuta fumbi m'manja ndi epuloni yawo, chala chimodzichimodzi, misozi ili chuchuchu. Ine ndinaseka, ndinkati mwina ndalakwa china kukhitchini. Analankhula. Womasulira anayang'ana kudenga, anayang'ana kuchitseko. Mayiwo anamugwedeza kuti anene. Ndiye ananena, ndi timawu tating'ono. Akuti pepani za bambo anu. Akuti iwonso bambo awo anamwalira iwo ali kutali, ndipo sangathe kumakuonani mukugwira ntchito chonchi osabwera kudzakhala nanu pansi.

Ndinafunsa kuti bambo ake a ndani.

Mayiwo atandiyang'ana nkhope anazindikira chimene achita. Anagwira pamutu n'kukhala pa simenti pomwepo, pafumbi. Inenso ndinakhala pansi. Anandikokera pachifuwa pawo. Achemwali, Bambo anga ndinawalira pachifuwa cha munthu wa fungo la anyezi ndi utsi, amene sankamva ngakhale liwu limodzi la zimene ndinkalira.

Nditadzuka pamenepo ndinapita kwa a Ndondomeko, thupi lonse lili mbuu. Sindinalankhule mwaulemu, ndipo zimene ndinanena sindilemba apa. Iwo sanadziteteze. Analira. Ati inu munaimba mukulira, munawapempha m'dzina la Mulungu kuti andisiye ndimalize, poti Bambo anavutika kundiphunzitsa ndipo ntchito imeneyi ndiyo ingakhale mpumulo wa Amayi. Ati gulu analiuza chifukwa katunduyo anawalemera kusenza okha.

Ndinawafunsa ngati za denga zija anazivomera chifukwa ndinkanena zoona, kapena chifukwa ndinali wamasiye wosadziwa. Anati zonse ziwiri. Yankho limenelo likundiwawabe.

Kenako anandiuza zimene inunso mukanandiuza. Ati ulendo watsala pang'ono kutha. Ati Bambo anaikidwa kale, kupita kwanga sikuwadzutsa. Ati dzina limene akufuna kupereka kwa akuluakulu a bungwe ndi langa, koma mfundo ija si yawo, sangaisinthe. Ndikachoka, ndachoka. Namwino naye anandinyengerera chimodzimodzi. Anati iwe Injiniya, usataye zonse ziwiri, bambo ndi ntchito yomwe, luma mano, ukalira ukafika.

Zonse ananenazo n'zoona, ndipo n'chimene chikundipweteka. Ndinayesa, achemwali, musati ndi phuma langa lija. M'mawa mwake ndinavala zogwirira ntchito n'kupita kukhoma. Amisiri aja atandiona anavula zipewa. Ndinatsegula chitini cha penti, fungo n'kundimenya. Ndinaona Bambo akufika madzulo, akukutumula ovolosi pakhonde, Amayi akukalipa kuti fumbi likulowa m'nyumba, iwo akuyankha kuti fumbi limenelo ndi limene limagula shuga. Ndinatseka chitinicho bwinobwino, monga anatiphunzitsira, n'kukhala pamwamba pake. Manja anakana.

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa chimene ndikuopa. Manda sindikuwaopa, manda adikira. Ndikuopa kudzapeza nyumba italira kale. Ndikachedwa, ndidzafika abale atabalalika, mipando itabwerera m'malo mwake, Amayi atazolowera kutulutsa makapu osawerengera Bambo. Inu mudzakhala mutayamba kusekako pang'onopang'ono, ine n'kubwera ndi misozi yatsopano kudzakutsegulani zilonda. Apo ayi ndidzalirira m'bafa, madzi nditawatsegula kuti musamve, ngati mlendo. Kulira kumafuna anzake, ndipo anzake a kulira kwanga ndinu. Ntchito ina mwina idzapezeka, mwinanso ayi, sindikudzinamiza. Koma masiku ano a nyumba yathu sadzabweranso.

Sindikudani, achemwali. Ndikudziwa amene anasenza zonse. Pamene ine ndinkalimbana ndi khoma la eni ake, ndinu munkathamanga m'makonde a chipatala, ndinu munkawatembenuza Bambo pabedi, ndinu munagwira Amayi nthawi itakwana. Ndikudziwa kuti poimba foni ija munali musanagone, musanadye, ndipo munkaganizira mawa la tonsefe. Mukanandiuza, mwina ndikanasankha ndekha kukhala. Mwina. Koma kusankhako kunali kwanga, ndipo munandichotsera m'manja ngati mpeni kwa mwana. Ndakula, achemwali. Bambo ndi anga monga ali anu.

Ndili ndi mafunso, ndipo ndikafika mudzandiyankhe osakometsa. Kodi anavutika? Anandifunsa? Ngati anandifunsa, munawauza kuti chiyani? Munawauza kuti ndikubwera, iwo n'kumayang'ana kuchitseko? Zoti ndisauzidwe anazidziwa, kapena munagwirizana atatseka kale maso? Ngati yankho ndi lowawa, mudzandipatse lowawalo. Zotsekemera ndamwa zokwanira kuno.

Ndikupemphaninso izi. Ovolosi yawo musachape. Mabulashi ali m'chitini kuseri kwa chitseko musagawe, ngakhale amalume atalimbikira chotani. Ndipo Amayi muwauze zonse lero lomwe: kuti ndadziwa, kuti ndikubwera, ndi kuti ntchito ija yapita. Musawasungire kuti adzamve atalimba. Ngati akhumudwe nane, akhumudwe ndili pafupi, andikalipire ndikuwaona. Kubisirana chifukwa cha chikondi kuthere pa ine.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwagwire dzanja m'malo mwanga mpaka ndifike. Moni kwa alamu, muwathokoze pa zonse anachita ine kulibe. Ana muwauze kuti mayi awo aang'ono akubwera manja lende, asandipikule chikwama. Azakhali ndi onse amene akadali pakhomo muwapemphe asafulumire kubalalika. Mulungu amene ndinabwera kudzamutumikira kuno, amene masiku ano ndikusowa pomuyambira, akusungeni nonse ndi kukupatsani tulo. Ndikafika mudzandipempherere ndili pomwepo, ndikudziwa chimene mukupempherera.

Lero m'mawa ndinapita kwa a Ndondomeko kukatenga pasipoti yanga. Anandifunsa ngati ndaganiza bwino. Ndinati ayi, koma ndaganiza ndekha. Anandipatsa, n'kuimba foni kuti tikiti isinthidwe. Ndinavula malaya a gulu olembedwa dzina la bungwe, ndinawapinda, n'kuwasiya pabedi. Kenako ndinanyamula chikwama n'kukwera basi ya ku bwalo la ndege, kumene ndakhala pansi n'kulemba izi.

Ndine mng'ono wanu.